Ndimapatsira Apongozi Khadi Yabwino Pansi pa Chitenje

Aphungu,

Ndine mkamwini, ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga ku Nyampande kuno ku Petauke. Sindichita nazo manyazi. Munda ndimalima, denga la apongozi ndinafolera ndine, ndipo palibe anandimvapo ndikukweza mawu pamudzi pano. Koma lero ndasowa mtengo wogwira. Tsogolo la banja langa laima pa khadi imodzi ya pepala, ndipo aliyense amene ndamufotokozera amayamba waseka kaye kenako n'kundinunkhiza ngati ndamwa. Inunso sekani ngati mukufuna, bola mundiyankhe.

Anayambitsa zonsezi ndi mlamu wanga Stanislaus, mlongo wake wa mkazi wanga Keziah. Iye amagulitsa salaula, zovala zakaunjika zija, pamsika wa Petauke. Tsiku lina atatsegula belo la majekete anapezamo katoni ya nsapato yodzaza ndi makhadi. Si makhadi a njuga ayi. Awa ali ndi zithunzi: zinjoka zamapiko, asilikali ovala zitsulo, afiti a ndevu zobiriwira, mitengo yoyenda ndi miyendo. Wina kunjako anawataya pamodzi ndi jekete lake, ife tinawatola. Stanislaus anafufuza pa foni mpaka anapeza kaseweredwe kake, ndipo kuyambira pamenepo Loweruka lililonse masana timakumana pansi pa mtengo wa mango pabwalo la apongozi.

Ndikufotokozereni pang'ono kuti mumvetse. Pamafunika anthu asanu ndi atatu, okhala mozungulira. Aliyense amalandira kamtolo ka makhadi. Akuti kwa eni akewo timitoloti timabwera tomata kuchokera ku fakitale, koma ife timangosakaniza makhadiwo n'kuwamanga m'timapepala ta mchere. Umamasula kamtolo kako, kusankhamo khadi imodzi imene yakusangalatsa, otsalawo n'kupatsira mnzako wa kumanzere, iwenso ukulandira kuchokera kumanja. Zimazungulira choncho mpaka makhadi athe. Zimene watolazo ndiye gulu lako la nkhondo, ndipo mumamenyana awiriawiri mpaka papezeke katswiri. Nzeru yonse ili pa kusankha, chifukwa chimene wasiya ndi chimene mnzako wa pambali adzakukwapula nacho. Ndalama sitiikapo. Mkulu wa mpingo wathu anabwera kudzatiletsa, anakhala pansi kuti aone pamene pali tchimo, ndipo mpaka lero akufufuzabe. Ndi mmodzi wa osewera athu okhulupirika.

Zinthu zinkayenda bwino mpaka mnzathu wina ananyamuka kupita ku Sasare kukayesa mwayi wa golide. Tinatsala asanu ndi awiri. Tili pakati podandaula, apongozi anga aakazi, amake Keziah, amene masiku onsewa ankangoswa mtedza chapatali ngati sakutiona, anakutumula chitenje n'kuuza mwana wawo kuti, "Stani, nipatse ine. Naona mwamene mucitila, palibe covuta apa." Ndi mayi wamasiye, pabwalo ndi pawo, mango ndi awo. Akanawakaniza ndani?

Malo okhala tinachita maere ndi zitsekero za mabotolo, ndipo tsoka langa linandiika kumanja kwawo, kutanthauza kuti wowapatsira makhadi ndine. Mkulu wa mpingo uja analamula kuti malo asamasinthidwe, aliyense azidziwa benchi lake ngati kutchalitchi.

Aphungu, chipongozi mukuchidziwa. Chikwatirireni sindinakhalepo mphasa imodzi ndi mayi amenewa, sindinawayang'anepo kumaso, sindinawapatsirepo kanthu m'manja. Tikakumana panjira ine ndimalowa patchire, moti minga yonse ya ku Nyampande imandidziwa. Ndiye masewera ofuna kupatsirana ndi dzanja tikanawatani? Amuna anakambirana mpaka anapeza nzeru. Anakoka waya woyanikira zovala pakati pa ine ndi iwo n'kupachikapo chitenje. Ndikasankha khadi yanga, otsalawo ndimaika m'lichero, kugwada, kuomba m'manja, n'kukankhira licherolo pansi pa chitenje. Likabwerera lopanda kanthu ndimadziwa kuti katundu wafika.

M'katoni monse muja muli khadi imodzi yoopsa kuposa onse, chinjoka chofiira chamapiko chimene chikatsika chimasesa chilichonse chili panjira. Dzina lake lachizungu linatikanika, ife timangoitcha Basi ya ku Lusaka. Tsiku loyamba lenilenilo, ndikumasula kamtolo kanga, ndinangoona Basi ikundiyang'ana. Ndinafuna kuitenga. Koma ndinaganiza za amayi anga ondibereka, mmene anandilerera. Munthu ungatole nthutumba m'mbale n'kupatsira apongozi makosi ndi zipalapasiro? Ndinasankha kakhadi ka chule, Basi n'kuikweza m'lichero. Kuseri kwa chitenje ndinangomva, "Hm."

Chiyambire tsiku limenelo ndi mmene ndimachitira. Chabwino chilichonse chikandifika ndimachilola chidutse. Gulu langa la nkhondo limakhala achule, mbuzi imodzi yotsimphina, ndi mitengo ija, koma ine imandigwera yosayenda. Apongozi akusesa aliyense. Mkulu wa mpingo anagonja mpaka anayamba kupemphera asanamasule kamtolo.

Maere akandigwera kuti ndimenyane ndi iwowo, Stanislaus amakhala kumapeto kwa chitenje kuti azipereka mauthenga. Ine ndimati, "Alamu, auzeni amai kuti kacule kanga kafuna kubwela kwao, ngati ali na mpata."

Iye amasuzumira uko n'kubwerako. "Akuti kabwele."

Pakapita kanthawi amasuzumiranso. "Akuti kafa. Akuti pepani."

Zonsezi ndikanapirira, chifukwa kugonja kwa apongozi si imfa. Koma tsopano pabwera nkhani yaikulu. Amalume anga ali ndi shopu yowotcherera zitsulo ku Nyimba, m'mbali mwa msewu waukulu, amapanga mafelemu a zitseko ndi mawindo. Maso ayamba kuwavuta. Andiitana kuti ndikaigwire ntchitoyo, ndipo kuseri kwa shopu kuli kanyumba koti n'kukhalamo ndi mkazi. Anena mosabisa kuti mvula ikagwa ine ndisanafike, apatsa mwana wa mlongo wawo wina. Ntchito imeneyi ndinaiphunzira ndili mnyamata, ndimaikonda, ndipo mwayi ngati uwu sudzandipezanso. Keziah anasangalala mpaka anamangiratu mapoto ake m'saka. Chinatsala n'chakuti amayi ake avomere kuti ndimutenge.

Ndinatuma ankhoswe anga, a Eustace. Anapita atavala jekete, anabwerako atalikoleka paphewa. Anandiuza mawu a apongozi mmene anawalankhulira: "Mwamuna wamene Basi yamufika m'manja, aiona na maso yake, aiika pa licelo, atenga cule. Uyo adziwa kusunga cinthu? Mailo ku Nyimba wina azamupempha Keziah, azagwada, azaomba m'manja, azamukankhila pansi pa citenje. Mwana wanga sayenda."

Aphungu, taonani. Ulemu wonse uja, maondo onse aja ndinanyula pogwada, iwo ankaona chitsiru. Ndipo sindingapite kukawafotokozera kuti ndinkachitira dala, chifukwa sindiyankhula nawo. Ndinapempha a Eustace kuti abwerere akanene. Anabwerera. Yankho linali lakuti, "Ngati acitila dala, ndiye ni woipilatu."

Ndiye ndinalimba mtima. Loweruka lina Basi inandipezanso, ndipo ndinaitenga. Lichero ndinalikankha mwaphuma moti linagunda phazi lawo, chinthu chimene sichinachitikepo. Maere anatigwirizanitsanso, ine ndi iwo. Masewera ali pakati, Basi inatuluka m'gulu langa n'kubwera m'manja mwanga, nthawi yake yabwino, njira ili pululu. Ndinaigwira pakona kuti ndiitsitse. Koma mutu unandiuza kuti, iwe, ukufuna kugunda amake mkazi wako ndi basi, pabwalo pawo, pamaso pa mkulu wa mpingo? Sindinaitsitse. Ndinaisunga mpaka achule anga onse anatha, ine n'kugonja monga mwa masiku onse. Pobweza makhadi m'katoni Stanislaus anatembenuza a m'manja mwanga, anthu onse n'kuiona. Apongozi sanatume munthu ulendo uno, anangoyankhula molunjika kumtengo wa mango: "Ali nayo Basi, aiimika pa sitesheni. Poyamba n'nali kuganiza kuti sadziwa kutenga. Manje naona kuti olo atenge sadziwa cocita naco."

Pobwerera kunyumba a Eustace anandikokera pambali. Ndinkayesa andilimbikitsa, koma anati, "Wacita bwino mwana wanga. Tsiku uzaagunda na Basi apongozi, ine unkhoswe nausiya, ufune wina." Ndiye onani pamene ndili. Ndikawapatsa, ndine chitsiru. Ndikaisunga, ndine wogona. Ndikawagunda, ndine wamwano wopanda nkhoswe.

Ndayesa njira zina. Ndinapempha kusintha malo, apongozi anakana, akuti mpando wa kumanja kwawo umawabweretsera mwayi. Ndinanamizira malungo kuti ndisapite. Ananditumizira phala la mtedza n'kuimitsa masewera, ndipo amuna onse aja anadzakhala pakhomo panga ndi katoni yawo kudikira kuti ndichire. Mkulu wa mpingo anandipempherera kawiri, kachiwiriko mokalipa. Ndinachira.

Keziah poyamba ankaseka. Ankati, "Imwe, ni pepa cabe iyo. Amai si mazila, sazasweka." Pano anasiya kuseka. Dzana ndinamupeza akumasula saka lija, akubweza mapoto pathandala limodzilimodzi. Zimenezi zinandipweteka kuposa mawu onse a amayi ake. Mitambo yayamba kale kusonkhana madzulo, ndipo amalume akaimba foni ndimangoiyang'ana mpaka idule yokha.

Ndithandizeni, Aphungu. Ndiwagunde kapena ndisawagunde?

T.M.,
Nyampande, Petauke.

A T.M.,

Ndaseka, sindikunamizani. Pa chule wopempha mpata paja ndinachita kuika kalata yanu pansi. Koma nditafika pa mapoto obwerera pathandala kuseka kunatha, ndiye tiyeni tikambe zenizeni.

Agundeni.

Chitenje chisiyeni pomwepo. Lichero, kugwada, kuomba m'manja, zonsezo pitirizani, ndi ulemu wabwino ndipo palibe akukutsutsani. Pamene mwasokoneza ndi poyesa kamtolo ka makhadi ngati mbale ya ndiwo. Pa chakudya mayi aja ndi apongozi, ayenera nthutumba. Pansi pa mango paja sanabwere kudzadyetsedwa. Anasiya mtedza wawo kuti adzamenyane ndi amuna, ndipo inu mwakhala mukuwamana nkhondoyo. Akapambana sadziwa ngati apambana ndi mutu wawo kapena ndi mphatso zanu, ndipo munthu wochenjera ngati iwowo zimenezi zimamunyansa.

Taganizaninso izi. Inu ndi apongozi anu simuyankhulana. Zaka zonsezi amakudziwani ndi msana wokha, ukulowa patchire. Lichero lija ndi kukambirana koyamba kumene mwakhala nako, ndipo Loweruka lililonse mwakhala mukuwauza chinthu chimodzi: chabwino chikandifika, ndimachisiya. Anamva bwinobwino. Musawadandaule kuti anakuweruzani molakwa, chifukwa umboni munkawatumizira ndinu, mutagwada.

Za a Eustace musade nkhawa. Nkhoswe imaopa chinthu chochitika mwadzidzidzi, chimene anthu adzaifunse kuti unali kuti. Ndiye chichotseni chidzidzicho. Gwirani nkhuku, muwapatse a Eustace omwewo, avale jekete lawo lija akanene kuti, mkamwini wanu akupempha chilolezo choti kuyambira Loweruka lino azisewera ndi mphamvu zake zonse. Apongozi avomera, chifukwa n'zimene akhala akukupemphani kudzera kumtengo wa mango. Akavomera, Basi yanu yalowa pamudzi ndi odi, ndipo amene ananyamula odiyo sangatembenuke n'kuitcha mwano.

Tsopano ndikuuzeni chimene anzanu sakukuuzani. Inu simukudziwa ngati mumatha kusewera. Mwakhala mukugonja mwaulemu nthawi yaitali moti simunayesedwepo, ndipo kugwada kwakhala pobisalira panu pabwino. N'zotheka kutenga Basi, kuitsitsa, mayi aja n'kuigwetsera m'ngalande ndi kakhadi kamene simunakaganizire. Pitani kumsika pakati pa sabata, mukakhale kuseri kwa majekete a mlamu wanu, akukwapuleni mpaka muphunzire. Musadikirenso chinjoka chofiira chokha. Pa kamtolo kalikonse tengani chimene chili chabwino, ngakhale mukudziwa kuti kuseri kwa chitenje akuchifuna. Ndipo musayerekeze kunyengerera Stanislaus kuti akuikireni Basi mwakabisira. Mayi amene anaphunzira masewera onsewa akuswa mtedza sangalephere kugwira mwana wake akubera.

Foni ya amalume iyankheni lero lomwe. Za achule musawauze, angakuchotsereni ntchito musanaiyambe. Auzeni kuti nkhani ya kwa apongozi ili m'njira, ndipo pemphani kuti muyambe kugwira pakati pa sabata n'kumabwerera Lachisanu. Ku Nyimba si kutsidya kwa nyanja. Apongozi akaona mkamwini akubwera ndi manja akuda ndi zitsulo, chitseko chatsopano chili pa kabaza, adzakhala ndi china chokuyezerani osati makhadi okha.

Pali chinanso chimene kalata yanu yadumpha. Mwatuma amuna kukakamba za Keziah, amuna abwerako, amuna akukokerani pambali. Nanga mwini wake? Pakati pa iye ndi amayi ake palibe chitenje. Mufunseni ngati akufunadi ku Nyimba, osati chifukwa choti inu mukufuna, ndipo akati inde, apite yekha akakhale pansi ndi amayi ake awauze ndi pakamwa pake. Mawu amenewo sangawanyamule a Eustace.

Muwerengenso mipando. Mukachoka inu patsala anthu asanu ndi awiri, ndipo mwanena nokha kuti asanu ndi awiri sasewera. Mayi wamasiye amene bwalo lake linali zii, pano Loweruka lililonse limadzaza anthu, ndipo iye ndiye katswiri wawo. Inu mukupempha kunyamula mwana wake ndi Loweruka lake pa ulendo umodzi. Sindikunena kuti za Basi akunama, koma sizili zokha. Musanatumenso ankhoswe kukapempha Keziah, pezani munthu wodzakhala pa mpando wanu, mumuphunzitse, ndipo lonjezani kuti kumapeto kwa mwezi inu ndi Keziah muzibwera. Mukalonjeza muzibweradi.

Chenjezo langa ndi ili. Tsiku limene mudzawagonjetse, musadzavine. Musadzaimbe mluzu, musadzazungulire mango, ndipo mlamu wanu akadzayamba kukuwa mudzamutseke pakamwa. Inu mudzakhala mutapambana masewera, koma mayi ali kuseri kwa nsaluyo adzadziwa kuti chifukwa chake chomaliza chokanizira mwana wake chatha. Musadzatume munthu kukafunsa yankho la za Keziah. Dzaombeni m'manja, muuze amunawo anyamuke, ndipo Keziah yekha ndiye adzalowe kuseriko.

Aphungu.